Shapu ndi Maso a Bambo Anga

Pali mawu amodzi achingerezi amene ndikawamva ndimafuna kulavula, ndipo kuno ku Mutare ndimawamva kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Mawuwo ndi shapu. Anzanga apamsika amati ndakalamba msanga, ena amati ndimadzitenga ngati mphunzitsi, koma sadziwa. Bambo anga anataya maso awo onse awiri atabisika kuseri kwa mawu amenewa, ine mwana wawo ndili pamtunda wosakwana ola limodzi pa kombi, minibasi ya kuno, ndikugulitsa malaya.

Ndinayamba kumva shapu ndili kamtsikana pa pulazi ina kufupi ndi Odzi, kumene bambo ankagwira ukhukhi kunyumba ya mzungu. M'khitchini imeneyo mawuwa anali ndi ntchito ziwiri zokha. Dona akati mpeni ukhale shapu ankanena kuti uthwe, ndipo bambo ankaunola pamwala wa kuseri mpaka umete ubweya wa pamkono. Akati chakudya sikisi koloko shapu, ndiye kuti sikisi yeniyeni, osati sikisi ya kukomboni imene inkafika nkhuku zitalowa kale. Mpeni ndi nthawi, basi. Munthu ukamva mawuwo unkadziwa chochita, ndipo ukapanda kuchita unkadziwa chimene chikugwere.

Lero mawu omwewo asanduka chitenje cha mayi wosauka: chofunda n'chomwecho, choberekera mwana n'chomwecho, cha kumaliro n'chomwecho. Ine ndimagulitsa kaunjika pa msika wa Sakubva, ndiye ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mnyamata amafika pa mulu wanga nati, "Shapu, amayi." Umenewo ndiye moni. Ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji, shapu. Atola jekete, aliyesa, mnzake amuuza kuti akuoneka shapu, chikhalirecho manja a jeketelo akuthera m'zigongono. Tikagwirizana mtengo, shapu. Tikalephera kugwirizana amaliponya pamulu nati shapu, ndipo imeneyo ikutanthauza kuti khalani nalo jekete lanulo mpaka njenjete zikhute. Pochoka, shapu ina. Munthu mmodzi, mphindi zisanu, shapu zisanu ndi imodzi, ndipo sanandiuze kanthu.

Hwindi, kondakitala wa kombi uja, amamenya denga n'kukuwa kuti shapu, dalaivala n'kunyamuka mwendo wa munthu udakali panja. Wakuba amene sanagwidwe amatchedwa washapu, ndipo amene waberedwayo amauzidwa kuti azikhala shapu, ngati kuti mlandu ndi wake. Mtsikana akauza chibwenzi chake kuti waima, mnyamatayo n'kuyankha kuti shapu, ayambiretu kusoka matewera yekha. Ndinaonapo amuna awiri atakangana pafupi ndi ogulitsa tomato, wina n'kuloza mnzake chala nati, "Shapu, tionana," azimayi n'kuyamba kuchotsa madengu panjira. Ukaibwereza kawiri ndiye kuti fulumira. Pa maliro a mnansi wathu ku Dangamvura, mnyamata wina anatuluka m'dzenje atatha kukumba, anasasa fumbi m'manja nati manda ali shapu, ndipo palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anamudzudzula. Ndinkaganiza kuti ndi matenda a ana obadwira kuno okha, mpaka nditakumana ndi anyamata ongofika kumene kuchokera ku Malawi, Chichewa chawo chonona bwinobwino, nawonso ali shapu shapu ngati anamwera chikho chimodzi.

Ndinazindikira mochedwa kuti ntchito zonsezi n'zosiyana pamwamba pokha. Pansi pake munthu amakhala akunena chinthu chimodzi, kuti nkhani ithere pompa, usandifunsenso.

Bambo anga anali munthu wa malonje. Mlendo akafika pakhomo pathu ku komboni ankapatsidwa mpando ndi madzi, aliyense ankabwera kudzapereka moni, kenako bambo ankaomba m'manja pang'ono n'kufunsa malonje. Mlendoyo ankayambira pa tsiku limene anasiyana komaliza n'kufotokoza zonse zimene zachitika kwawo ndi panjira. Akatha, bambo ankabweza awo, ndipo awo anali ndi dongosolo limene silinkasintha. Mvula kaye. Kenako za m'munda, ziweto, anansi amene adwala, amene atisiya, amene akwatira. Kenako a m'nyumba, kuyambira wamng'ono. Za thupi lawo zinkabwera pamapeto penipeni, chifukwa ankati munthu woyamba ndi mutu wake pamene anthu afa m'mudzi ndi wosaleredwa. Ife ana zinkatitopetsa. Munthu wobwera kudzabwereka nkhwangwa m'mawa ankachoka dzuwa litapendeka, nthawi zina n'kuiwala nkhwangwayo. Amayi ankadandaula kuti malonje a bambo anuwa adzatipserezera ndiwo, bambo n'kungoyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi ya jambanja, chipwirikiti cholanda mapulazi a azungu, itafika pulazi yathu inalandidwa, mzungu anapita, ndipo ife a kukomboni tinakumbutsidwa kuti si ife a kuno. Minda anagawana eni nthaka. Ife amene makolo athu anazula zitsa m'minda imeneyo tinapatsidwa masiku oti tisamuke. Bambo anali asanapondeko kwawo ku Dedza kuyambira unyamata wawo, ndipo kunalibe amene akanawazindikira. Mwamwayi mmodzi mwa olandira minda anawalola kumanga pakona ya puloti yake, iwo azimulimira. Ine ndinatsikira kutawuni, ndinakwatiwa ndi mwamuna wolondera matanka a mafuta cha ku Feruka, ndinayamba kaunjika. Mlongo wanga, amene ndi wamng'ono kwa ine, anakhala ndi makolo mpaka mbiri ya dayamondi itamveka, ndipo anathawira ku Chiadzwa osatsanzika.

Ena anabwerako ndi magalimoto, ena anabwerako m'mabokosi. Wathu anabwerako ndi foni, magalasi akuda, ndi shapu. Chichewa chake chinali chowonda kale, koma kumeneko chinakathera. Tsiku limene anafika ndinalipo. Bambo anamukhazika pansi, anthu anapereka moni, iwo anaomba m'manja n'kufunsa malonje a miyezi yonse imene amayi ankalira kuti mwana wafera m'maenje. Iye anakweza chala chachikulu.

"Zonse shapu, mudhara."

Bambo anadikira, poganiza kuti mwana akukonza kukhosi. Panalibe china chimene chinabwera. Ndiye anabweza awo onse, kuyambira mvula mpaka msana wawo, kwa munthu amene ankadinadina foni. Ine ndinaseka tsiku limenelo, ndipo ndimakumbukira kuti ndinaseka.

Mlongo wangayo anakwatira, anamanga zipinda ziwiri pafupi ndi makolo, anapeza njinga yamoto yonyamulira anthu. Patapita zaka amayi anamwalira, ndipo pa maliro pomwepo ndinayambana ndi mlamu wanga, mkazi wakeyo. Tisanamete n'komwe ndinamupeza atavala chitenje cha amayi cha kutchalitchi, akukolezera moto. Ndinalankhula mawu anga, iye analankhula ake m'Chishona, chimene pa mkangano chimathamanga kuposa Chichewa, ndipo ndinalumbira pamaso pa anthu kuti phazi langa silidzapondanso pakhomo pamenepo. Lumbiro la chitenje limenelo ndinalisunga zaka ziwiri ndi miyezi, monyadira ngati ndasunga lamulo la Mulungu. M'kati mwa zaka zimenezo ndinabereka mwana wamkazi, ndinamupatsa dzina la amayi, ndinatumiza uthenga, koma sindinapite naye.

Bambo analibe foni, choncho Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkaimbira mlongo wanga.

"Ababa ali bwanji?"

"Ali shapu, sisi."

"Akudya?"

"Shapu."

"Nanga miyendo ija?"

"Shapu shapu."

Ndinkadula foni mtima uli m'malo. Ndinene zoona, yankho limeneli linkandikomera. Linali lalifupi, silinkadya eyataimu, ndipo silinkandituma ku Odzi kukayang'anizana ndi mlamu. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinkafunsa ndithu, Lamlungu lililonse osaphonya, kungoti ndinkafunsa mwa njira yoti ndisamve kanthu, kenako n'kumauza anzanga kuti ine bambo anga ndimawasamala.

Katatu kapena kanayi ndinaimba mkati mwa sabata n'kuuza mlongo wanga kuti awapatse foni. Bambo sankaikonda. Ankati kulankhula ndi munthu amene sukumuona kuli ngati kuitana m'chitsime. Komabe ankailandira, ankakonza kukhosi n'kuyamba.

"Mwana wanga, kuno mvula inayamba mochedwa. Inagwa kawiri kenako inadula..."

Ine ndili pamsika, kasitomala akutembenuza malaya, wina akufunsa ngati ndili ndi masiketi akuda, eyataimu ikupita. Bambo ankafika pa chimanga, pa mbuzi ya eni puloti imene inathyoka mwendo, pa mkulu wina wa kukomboni amene anatisiya, ndipo ine ndinkalowerera.

"Chabwino ababa, shapu, shapu, tidzalankhulanso."

Inde, pakamwa panga pomwepa. Mawu amene ndimanyoza anyamata nawo ndinkawatulutsa bwinobwino, ndi liwu laulemu. Tsiku lina ndinawamva akuti, "Tsono ineyo, mwana wanga," foni ili kale panjira yopita m'thumba, chala chitadina kale. Ndinaganiza zoimbanso. Kunafika mayi wofuna madiresi a ana atatu, ndipo mayiyo atachoka ndinati ndidzaimba Lamlungu. Ndinakulira m'nyumba imeneyo, ndinkadziwa bwino lomwe kuti bambo amadzitchula pomaliza. Nthawi zonse ndinkawadula asanafike pa iwo eni.

Amene anandiuza ndi mayi wina wachikulire wa kukomboni kwathu kwakale, amene anabwera kutawuni kudzaona mdzukulu. Anandizindikira pamsika, anakhala pa belo langa osapemphedwa, anavula nsapato n'kuyamba malonje. Ndinkaponya maso uku ndi uku, makasitomala akudutsa, ndikulakalaka atafupikitsa. Koma munthu wamkulu amene wakhalira katundu wako sungamudine ngati foni. Anadutsa mvula, minda, maliro awiri, ukwati umodzi umene unatha usanathe mwezi, kenako anati:

"Nanga bambo anu aja, pepani nawo. Poti tsopano akuyenda chogwira chingwe."

"Chingwe chanji, amayi?"

"Chochokera pakhomo kukafika kuchimbudzi. Anawamangira ndi mlamu wanu. Kodi inu simudziwa kuti maso aja anatseka?"

Ndinasiyira mnzanga katundu, ndinabereka mwana kumsana, ndinakwera kombi. Ulendo umene ndinaukana zaka ziwiri unatha mwana asanadzuke n'komwe kumsana. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndi ng'ala. Ng'ala amachotsa. Ndinali nditaonapo okalamba ambiri akutuluka kuchipatala diso limodzi litamatidwa, mawa lake akulowetsa okha ulusi pa singano. Ndinkakonzanso mawu oti ndikamulalatire mlongo wanga, ndipo pofika ku Odzi ndinali nawo okwanira anthu atatu.

Chingwe ndinachiona ndisanalowe pabwalo, cha nayiloni, chabuluu, chomangidwa pa msinkhu wa chiuno. Mlamu anali akuchapa. Anaimirira, anapukuta manja pa siketi nati, "Mauya, tete," moni wa Chishona wolonjera mlongo wake wa mwamuna, kundilandira ngati ndinachoka dzulo. Anabweretsa mkeka ndi madzi. Za chitenje sanatchule, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Bambo anali pampando pansi pa mtengo wa mango, atavala magalasi akuda a mlongo wanga aja. Ndinagwada n'kupereka moni. Anazindikira mawu anga nthawi yomweyo. Sanandifunse kuti unali kuti, sanatchule lumbiro. Anaomba m'manja n'kufunsa malonje. Ndinapereka anga mopupuluma, osadziwa poyambira, ndinalumpha zambiri, ndinabwerera, ndinasokoneza miyezi. Anamvetsera mpaka nditatha. Kenako anayamba awo, nkhope atalozetsa pambali panga pang'ono, pamene panali ndowa.

Anayambira pa tsiku limene tinameta. Mvula ya chaka chimenecho, mvula ya chaka chotsatira. Chimanga chimene chinapsa ndi dzuwa, mtedza umene unachita bwino, mbuzi ija imene mwendo wake unalumikizika mokhota. Anthu asanu a kukomboni kwathu amene anatisiya, aliyense ndi matenda ake ndi kumene anaikidwa. Eni puloti amene anadwala n'kuchira. Mwana wa mlongo wanga amene anayamba sukulu. Mlamu, amene bambo anati ndi munthu wa mtima, ndipo ananena zimenezi mofatsa kuti ndimve. Dzuwa linasuntha, mwana anadzuka, anayamwa, anagonanso. Koyamba m'moyo wanga ndinakhala chete mpaka kumapeto.

"Tsono ineyo, mwana wanga, thupi lili bwino, miyendo yokha ndiyo imadandaula kukazizira. Koma maso. Chaka chomwe tinaika amako, la kumanzereli linayamba kudyeka m'mbali. Kutsogolo ndikuona, koma munthu akabwera cham'mbali ndimangodzidzimuka wafika. Ndinayamba kupunthwa pa ndowa. Tsiku lina ndikusenda mbatata ndinadzicheka chala, ine amene ndinagwira mpeni iwe usanabadwe. Kenako kunali ngati ndikusuzumira m'paipi, paipiyo ikunka nichepa. La kumanjali linalimba ndithu, koma nalo linatsatira mnzake. Pokolola chaka chino ndinkaonabe kuwala kwa pakhomo. Tsopano ndimadziwa kuti kwacha chifukwa cha nkhuku. Ndinayesa kukuuza pa lamya paja, koma zija zimathamanga. Anga ndi omwewo."

Anaomba m'manja kawiri. Ndinayenera kuomba nanenso, koma sindinaombe. Ndinali ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo nditangomva njinga ya mlongo wanga ikulowa pabwalo.

Sindinadikire kuti azimitse.

"Iwe, zaka ziwiri ukundiuza kuti ababa ali shapu."

"Handiti akudya? Handiti akuyenda? Sanagonepo kuchipatala. Saka ali shapu, sisi."

"Sakuona."

"Ndinawagulira magalasi."

Anafotokoza nkhaniyo ngati wachita chachikulu. Anagula magalasi owerengera kwa anyamata a pamsewu, atakanika anawapatsa ake akuda kuti dzuwa lisamawavute. Anati ndi ukalamba, munthu akakula maso amatopa, ndipo ngakhale akanandiuza ine sindine dokotala. Chondiwawa n'chakuti sankanama. Kwa iye shapu imayambira pa munthu amene wawina mpikisano n'kukathera pa munthu amene sanaikidwe m'manda, ndipo bambo anali penapake pakati. Ndinamutchula mayina amene sindingalembe pano. Anadikira mpaka mpweya utandithera.

"Inuyo munafunsa za maso? Munafunsa kudya, ndinayankha. Munafunsa miyendo, ndinayankha. Makombi a ku Odzi amanyamuka tsiku lililonse, sisi."

Ndinamuda kwambiri chifukwa ananena zoona. Mlamu ndiye analankhula, maso ali pansi. Anati anauza mwamuna wake katatu kuti apite nawo kutawuni akapimidwe, iye n'kumati shapu, mawa, shapu, mwezi ukatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma amene anakwawa pano si iye. Kenako mlamu anawonjezera mawu ena, mosakweza liwu.

"Ndinakuimbirani kawiri, tete. Simunayankhe."

Ndinakumbukira. Ndinaona nambala yake, ndinaseka ndekha kuti wayamba kufewa, ndinakankhira foni pansi pa mulu wa mabulauzi mpaka itasiya kulira.

M'mawa mwake ndinawatenga bambo kupita nawo kuchipatala cha maso kutawuni. Mlamu anawasitira malaya oyera ndi thalauzi la kutchalitchi. Pokwera kombi ndinawagwira dzanja, ndipo ndinazindikira kuti sindidziwa kutsogolera munthu wosaona. Ndinkawakoka ngati mwana, iwo n'kumandiuza mofatsa kuti ndizinena pamene pali sitepe. Pamzere panali okalamba ambiri a ng'ala, maso oyera ngati mkaka, ndipo ndinkawasirira. Ndinachotsa magalasi akuda aja n'kuyang'ana m'maso mwa bambo. Anali oyera bwino, akuda pakati, ngati a munthu amene akukuona. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndiye kuti sizinafike poipa.

Dokotala anali mtsikana wodekha. Anawaunika ndi katochi, anawadonthezera mankhwala, anawapima ndi makina, anawafunsa kuti zinayamba liti. Bambo anayamba kufotokoza kuyambira chaka chimene tinaika amayi, ndipo mtsikanayo anawasiya mpaka anamaliza. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati si ng'ala. Anati madzi a m'diso akalephera kutuluka bwino amapanikiza mtsempha wa kuseri pang'onopang'ono, osapweteka, kuyambira m'mbali, mpaka mtsemphawo kufa.

"Akanabwera pamene m'mbali munkayamba kuda, tikanawapatsa mankhwala odontheza tsiku lililonse, ndipo kuona kumene kunatsala kukanakhalapo. Koma mtsempha ukafa sudzuka, amayi."

Ndinafunsa za opaleshoni. Ndinafunsa za ku Harare, za ku Joni, ndinati ndigulitsa chilichonse. Anapukusa mutu pa funso lililonse. Anandiuza kuti nane ndizipimitsa maso, pamodzi ndi mlongo wanga, chifukwa matendawa amayenda m'magazi. Bambo anamva zonse, poti Chishona anachidziwa ine ndisanabadwe. Anaomba m'manja n'kumuthokoza dokotalayo chifukwa chowauza zoona, ndipo anamufunsa kuti kwawo n'kuti.

Panja tinakhala pa benchi kuti miyendo yawo ipume. Ndinkawerengetsa miyezi m'mutu ngakhale sindinkafuna. Pamene mwana wanga ankabadwa, diso la kumanja linali likuonabe kutsogolo. Ndikanakwera kombi mwezi umenewo akanamuona mwanayo, ndipo ine ndikanaona bambo anga akupunthwa pa ndowa.

Anapempha kuti ndiwapatse mwana. Ndinamumasula kumsana n'kumukhazika pamiyendo pawo. Anamugwira mapewa, anamuyeza kulemera, mwanayo n'kumawakoka batani la malaya.

"Ndinamva kuti unamupatsa dzina la amako."

"Eya, ababa."

"Nanga nkhope? Wafanana nawo?"

Ndinamuyang'ana mwanayo, ndinayang'ana bambo. Anali akudikira, nkhope atakweza pang'ono, pakamwa patayamba kale kumwetulira.

"Wafanana nawo, ababa. Mphumi ndi womwewo, ndi kamwa lomwe."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. "Ndimadziwa ine. Magazi a mayi uja ndi amphamvu." Kenako anati, "Ndikhulupirira iweyo, mwana wanga. Nanga ndichitanso bwanji."

Mwanayo safanana ndi amayi ngakhale chikhadabo. Ndi bambo ake enieni, mwamuna wanga, kuyambira makutu mpaka zala za kumiyendo, ndipo aliyense wa maso amaona. Bambo anga tsopano amakhala ndi ine ku Dangamvura. Anthu a kukomboni kwathu kwakale, amene ankawadziwa amayi, akabwera kudzawaona, iwo amaitana mwanayo, amamuimika kutsogolo n'kuwauza monyadira kuti taonani, malemu aja anabwerera ndi nkhope yawo yomwe. Alendowo amayang'ana mwanayo, kenako amayang'ana ine.